Madge Syers ndi malamulo omwe sanatchule akazi

Masewera otsetsereka pa madzi oundana, omwe anthu a ku Ndirande kapena ku Bangwe amangowaonera pa kanema, amachitikira pa bwalo losalala la madzi oumitsidwa ndi kuzizira, ndipo wosewera amavala nsapato zomwe kunsi kwake kuli kachitsulo kopyapyala konga mpeni. Cha m'ma 1900, luso lalikulu linali lojambula ndi kachitsuloko mizere yozungulira yonga nambala 8, ndipo oweruza ankawerama n'kuyang'anitsitsa mizereyo kuti aone ngati wosewera wadutsanso pomwe anadutsa poyamba.

Florence Madeline Cave, yemwe adadziwika ndi dzina loti Madge Syers, adabadwira ku London mu 1881 m'banja la ana 15. Adakwatiwa ndi mphunzitsi wake wa masewerawa Edgar Syers, yemwe adamusiyitsa kaseweredwe kachingelezi koumitsa thupi n'kumuphunzitsa kaseweredwe komasuka ka m'mayiko ena a ku Ulaya. Mu 1902 mpikisano wa dziko lonse lapansi utabwera ku London, Madge adaona kuti malamulo a bungwe loyendetsa masewerawa la International Skating Union sankaletsa akazi, popeza owalembawo sadaganizeko kuti mkazi angadzayerekeze, choncho adalembetsa, n'kupikisana ndi amuna okhaokha, ndipo adakhala wachiwiri kwa katswiri wa ku Sweden, Ulrich Salchow.

Zomwe bungwelo lidachita mu 1903 n'zomvetsa chisoni, chifukwa m'malo moyamikira lidatseka khomo. Akuluakuluwo adati masiketi aatali a nthawiyo ankabisa mapazi moti oweruza sankatha kuona bwino, komanso kuti woweruza akhoza kukondera mkazi yemwe mtima wake uli pa iye. Chifukwa chachiwirichi chidali kulanga mkazi pa kufooka kwa mwamuna, ndipo choyambacho chidali chonamizira chabe, monga Madge adaonetsera poyamba kuvala siketi yolekeza m'katumba kuti phazi lililonse lioneke poyera. Kwawo ku Britain, komwe amuna ndi akazi ankapikisana pamodzi, adapambana mu 1903, ndipo mu 1904 adapambananso pogonjetsa ngakhale mwamuna wake yemwe.

Pamapeto pake bungwe lija lidakhazikitsa mpikisano wa akazi okha, ndipo Madge adaupambana ku Davos mu 1906 komanso ku Vienna mu 1907. Pa masewera a Olimpiki a ku London mu 1908 adatenga mendulo ya golide payekha, kenako ya mkuwa posewera awiriawiri ndi Edgar. Thanzi lake litayamba kufooka adasiya kupikisana, ndipo adamwalira ndi matenda a mtima ku Weybridge mu 1917 ali ndi zaka 35. Mipikisano ya ku Davos ndi ku Vienna ija idadzavomerezedwa pambuyo pake kuti idali ya dziko lonse lapansi, motero m'kaundula wa akatswiri aakazi dzina lake ndilo loyamba.