"Close": liwu la Chingerezi lomwe limasocheretsa anthu pa malire a Zóbuè

Munthu wochokera ku Moatize akadutsa malire a Zóbuè n'kulowa ku Mwanza m'dziko la Malawi, zikwangwani zimasintha chilankhulo. Chitseko chomwe ku Tete chimalembedwa "fechado" kapena "encerrado", kutsidyako chimalembedwa "closed". Liwuli limachokera ku "close", kutanthauza kutseka. Amalonda ndi madalaivala a mumsewu wa N7 amakumana nalo tsiku ndi tsiku, komabe limawapusitsa.

Vuto loyamba ndi katchulidwe. Pali mawu awiri olembedwa chimodzimodzi. Kumapeto kukamveka "z", ndiye kutseka. Kukamveka "s", tanthauzo lake ndi pafupi. Choncho "the bank is close" ndi kunena kuti banki ili pafupi, pomwe "the bank is closed" ndi kunena kuti yatsekedwa. Munthu amene sanamve kachilembo "d" kameneka angayende mtunda padzuwa, ndalama zili m'thumba, n'kukapeza loko pachitseko.

Palinso kutseka kwa lero ndi kutseka kwamuyaya. Sitolo yolembedwa "closed" mwina itsegulidwa mawa. Koma akati "closed down", ndiye kuti yatsekeratu, malonda atha. Wogula akaona "closing down sale" adziwe kuti katundu watchipa chifukwa mwini wake akusiya, ndipo wailesi ikakafa kunyumba, kokadandaula kulibe. Achinyamata ofuna ntchito kumigodi ya malasha ku Moatize asamalenso ndi "closing date" pa zidziwitso zolembedwa m'Chingerezi. Silinena tsiku lotseka ofesi ayi. Ndi tsiku lomaliza kulandira makalata.

Odziwa Chipwitikizi ali ndi mwayi pena, pena chimawagwetsa. "Fechar negócio" ndi "close a deal" n'zofanana: ogula ndi ogulitsa agwirizana mtengo, nkhani yatha bwino. Koma "close the business" ndi kusiya bizinesi. Pa mpopi napo, Chipwitikizi chimati "fechar a torneira", koma m'Chingerezi ambiri amati "turn off the tap". Getsi salitsekanso ndi "close". Amati "switch off", monga Chichewa chimanenera kuti kuzimitsa.

Pa nkhaniyi Chichewa n'cholemera kuposa Chingerezi. Maso amatsinzina, mphika amavundikira, dzanja amafumbata, koma Mngerezi pa maso ndi pa dzanja amangobwereza "close" yemweyo.

Liwuli lili ndi m'bale wake, "shut". Pa chitseko ndi pa zenera awiriwa amasinthana popanda vuto, ngakhale "shut" amamveka mwamphamvu pang'ono. Ngozi ili pa "shut up", lomwe ana amatola m'mafilimu n'kumayesa kuti ndi kupempha munthu akhale chete. Ndi mwano. Kwa mkulu, kwa kasitomala, kapena kwa wapolisi amene wagwira pasipoti pa malire, wofuna bata anene "please be quiet", kapena angokhala chete iye mwini.