Masipika a malume akudya ndalama za malata

Ndinafika ku Mfuwe kumapeto kwa Okutobala, nyengo imene dzuwa la kuchigwa cha Luangwa limaotcha mpaka mbuzi kubisala pansi pa magalimoto. Ndinapita kukalemba za kukwera kwa lendi pa Cropping, komboni yathu ija imene inatenga dzina ku malo amene boma linkapherako njovu, mvuu ndi njati m'zaka za m'ma 1960. Nkhani ya lendi muiyembekezere sabata ina. Imene ndabwera nayo lero ndinaipeza pabalaza pa amalume anga.

Nditalowa ndinaona mabokosi awiri aakulu atagonekedwa chagada pamphasa, matumbo onse ali panja. Mawaya apa, zomangira m'mbale ya ndiwo, kabotolo ka guluu pawindo. Amalume anali atagwada, magalasi ali pamphuno, ndipo moni anandipatsa osadzutsa mutu. Anti, akazi awo, ndi amene anandilandira chikwama, nandiuza mondinong'oneza kuti popeza ndine mtolankhani ndilembe ndithu za matenda amenewa, mwina anthu ena angapulumuke.

Masipika amenewa ndi aakulu kuposa ine pa zaka. Anagulidwa ku Kopala chapakati pa zaka za m'ma 1970 ndi amalume awo a amalume, amene ankagwira ntchito mumgodi ku Luanshya. Ife Akunda chuma chimatsata kuchikazi, ndiye mwini wake atamwalira, gumbagumba yonse, ndi mbale zake za nyimbo, inagwera mwana wa mlongo wawo. Dzina la kampani linafufutika kale. Amalume, amene akhala zaka zambiri akukonza magalimoto a pa kampu ina ya alendo, anawasunga m'chipinda cha kumbuyo mpaka chaka chatha pamene anaganiza zowadzutsa.

Kuchokera pamenepo anti amalemba m'kabuku ngwee iliyonse yopita ku mabokosiwo. Sindinena chiwerengero chake, ndingadzasowe kodyera nsima. Ndingoti ndalamayo ikanagula masipika atatu atsopano a Bluetooth, aja oyaka timagetsi tamitundumitundu amene adzaza m'mashopu a ku Chipata, kapena malata okwanira chipinda chimodzi. Ndipo chipinda chodontha chilipo. Ku Mfuwe ndalama zimabwera ndi alendo, kuyambira mu Juni mpaka Okutobala. Mvula ikayamba makampu ambiri a m'tchire amatseka, matipu amauma, ndipo zimene munthu sanagule panthawiyo sadzagulanso mpaka chaka chamawa. Mkangano wa m'nyumba muja si wa masewera.

Manje chimawonongeka n'chiyani mu sipika yakale? Ndinakhala pansi masana onse amalume akundionetsa, ndipo ndinadabwa kuti chinthucho n'chosavuta kumva. Kumbuyo kuli maginito. Pakati pa maginito pali kampata kozungulira, kopapatiza kwambiri, ndipo m'menemo mumalowa koyilo, kawaya kamkuwa kokulungidwa pa kachubu. Koyiloyo inamatidwa ku pepala lolimba looneka ngati chipewa chozondoka. Magetsi a nyimbo akadutsa mu koyilo, imakankhidwa kutsogolo ndi kumbuyo, pepala limagwedeza mpweya, khutu limamva. Njira imeneyi inakhazikika ndi akatswiri awiri a ku America, Chester Rice ndi Edward Kellogg, mu 1925, ndipo sipika ya mufoni yanu ikugwirabe ntchito chimodzimodzi.

Choyamba kufa ndi mkombero wofewa umene umagwira pepala lija m'mphepete. Masipika ambiri a nthawi imeneyo anaikidwa mkombero wa siponji, ndipo siponji imafumbutuka yokha pakapita zaka, makamaka kumalo otentha ndi a chinyontho ngati kwathu kuno. Ukaikhudza imangosanduka phulusa m'zala. Mkombero ukatha, pepala limapendekeka, koyilo imayamba kukhula maginito, ndipo pamveka kukwecha ngati khoswe ali m'bokosi. Ena amapitiriza kukweza voliyumu mpaka koyilo kupsa.

Apa ndi pamene amalume analuzira ndalama zoyamba. Anapereka sipika imodzi kwa mnyamata wina wokonza mawailesi, amene anadula chubu cha njinga n'kuchimata ndi guluu wa nsapato. Kunja kunkaoneka bwino. Koma labala ya chubu ndi yolemera ndi yolimba, pepala silinkayendanso momasuka, ndipo besi yonse inafa. Sindikumunyoza mnyamatayo. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi masipika a m'mabala ndi m'matchalitchi, kumene chofunika n'chakuti mawu afike kutsidya kwa msewu. Koma kuchotsa guluu ameneyo popanda kung'amba pepala la zaka pafupifupi 50 kunawatengera amalume madzulo a sabata yathunthu, ndi lezala.

Kenako anaitanitsa mikombero yeniyeni kudzera kwa mwana wawo wa ku Lusaka, iye kudzera kwa mnzake wopita ku Johannesburg. Inakwera basi pa Intercity, inagona ku Chipata, inafika ku Mfuwe, ndipo inali yaing'ono: ya mainchesi 10 pomwe masipika ndi a 12. Anaitanitsanso. Anti analemba kawiri.

Chachiwiri ndi kabolodi kamene kamakhala mkati mwa bokosi, kogawa mawu: otsika kupita ku sipika yaikulu, okwera kupita ku kakang'ono kamene amati twita. Pa kabolodiko pali makapasita, ndipo a mtundu wakale amauma mkati pakapita zaka, moti mawu amayamba kupita kolakwika ndipo nyimbo imamveka ngati woyimba ali kuseri kwa bulangete. Kusintha makapasita n'kotchipa poyerekeza ndi zina zonse, ndipo kusiyana kwake ndinakumva ndi makutu anga, chifukwa bokosi limodzi linali litasinthidwa kale, lina lisanasinthidwe. Chachitatu ndi bokosi lenilenilo. Chiswe chinadya pansi pa limodzi, mavu anamanga nyumba zadothi m'bowo la mpweya, ndipo thabwa la utuchi linafufuma ndi mvula. Kalipentala wa ku Masumba anawapangira pansi patsopano ndi miyendo ya mukwa.

Nditasuzumira mkati amalume anandiloza maginito. Siinali mphete yakuda yaikulu ija timaiona pa masipika a masiku ano. Inali yaing'ono, yobisika m'kampoto kachitsulo. Ameneyo ndi maginito a alnico, osakaniza chitsulo, aluminiyamu, nikelo ndi kobalti, ndipo mbiri yake yadutsa pakhomo pathu penipeni. Mu Meyi 1978 zigawenga zochokera ku Angola zinadutsa pangodya ya kumpoto chakumadzulo kwa Zambia n'kulanda tauni ya Kolwezi m'chigawo cha Shaba ku Zaire, kumene kunkachokera kobalti wambiri wa padziko lonse. Mtengo wa kobalti unakwera kangapo, ndipo makampani ngati JBL ya ku America ndi Tannoy ya ku Britain anasiya alnico n'kuyamba kugwiritsa ntchito maginito a ferrite, otsika mtengo. Mpaka lero okonda masipika ku Japan, ku Ulaya ndi ku America amasakasaka opangidwa nkhondoyo isanachitike. Kaya alnico imamveka bwino kuposa ferrite, akatswiri amatsutsana okhaokha. Chimene chinandigwira ine n'chakuti munthu amene ankakumba mkuwa ku Luanshya anaugulanso mkuwawo utabwerera kwawo uli koyilo.

Matendawa si a amalume okha. Kampani ya JBL inatulutsa sipika yotchedwa L100 mu 1970, ndipo anthu anapitiriza kuifuna ndi kuikonza kwa zaka zambiri mpaka mu 2018 kampaniyo inaipanganso, n'kumagulitsa awiri pa madola 4,000. Wailesi ya BBC inakonza kasipika kotchedwa LS3/5A chapakati pa zaka za m'ma 1970 kuti kazigwira ntchito m'magalimoto oulutsira mawu, kabokosi kotalika ngati lula ya kusukulu, koma akale ake amagulidwa lero pa mtengo woposa wa masipika atsopano aakulu kuwaposa. Kusiyana n'kwakuti mzungu wa ku London amaitanitsa mkombero lero, mawa wafika. Wa ku Mfuwe amadikira mwezi, ndipo mwina ufika wolakwika.

Ndinawafunsa amalume mosabisa kuti bwanji osangogula chatsopano. Yankho lawo loyamba linali la umakanika. Anati chinthu chomangidwa ndi zomangira chimamasulidwa, chomatidwa ndi pulasitiki chimatayidwa. Sipika ya Bluetooth batire yake ikafa, kapena kabolodi kake kakapsa, palibe kwa kupita nayo, ndipo pakhomo pa wokonza mawailesi aliyense pali mulu wa mitembo yotere. Pamenepa ndikugwirizana nawo. Ndikugwirizananso nawo pa manambala aja amalembedwa pa makatoni, 5,000 watts PMPO ndi zina zotero. Nambala imeneyo ndi ya otsatsa malonda chabe. Mphamvu yeniyeni ndi imene amalemba kuti RMS, ndipo kawirikawiri imakhala yochepa kwambiri moti saionetsa n'komwe.

Yankho lachiwiri sananene ndi pakamwa. Anangokoka katoni pansi pa bedi. Munali mbale za nyimbo zodindidwa ku Ndola ndi kampani ya Teal, zina za chizindikiro cha Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo: WITCH, Ngozi Family ya Paul Ngozi, Amanaz, ndi za kalindula za pambuyo pake, Amayenge ndi PK Chishala. Zimenezi zinatuluka nthawi imene boma la Kaunda linalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pawailesi zikhale za m'dziko muno, ndipo magulu oyimba anamera ponseponse ngati bowa. Ife achinyamata tinadzuka mochedwa. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inasindikizanso nyimbo za WITCH mu 2012, Jagari Chanda anabwerera pa siteji kunja kwa dziko, ndipo mu 2024 Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family n'kuchiika mu nyimbo yake ya Noid. Tinayamba kutumizirana pa WhatsApp ngati tatulukira chatsopano, pomwe mbale zake zinali pansi pa mabedi a makolo athu. Amalume amafuna kumva gitala ya Paul Ngozi mmene anaimvera ali mnyamata patchuthi ku Luanshya, m'mabokosi omwewo. Zimenezo sizigulitsidwa ku Chipata.

Koma pali pomwe ndinasiyana nawo, ndipo ndinawauza. M'kabuku ka anti muli mzere wa mawaya okhuthala ngati chala, okutidwa ndi nsalu, amene wina anawauza kuti amatsegula mawu. Pa mtunda wa mamita atatu kuchokera ku ampu, waya wabwinobwino wamkuwa wa kuhadiweya amakwanira. Komanso nyumba yawo ndi ya simenti pansi, malata pamwamba popanda siling'i, ndipo mawu amagunda uku ndi uku ngati m'kalasi yopanda ana. Mphasa ziwiri ndi makatani olemera zikanasintha kamvekedwe kuposa waya aliyense. Ndiye pali khutu. Mwana amamva mawu okwera mpaka pafupifupi 20,000 hertz, koma malire amenewa amatsika munthu akamakula, makamaka amene wakhala moyo wake wonse pafupi ndi mainjini. Twita yodula imene amalume akuilota tsopano, gawo lina la ntchito yake adzamva ndi adzukulu. Nditanena zimenezi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nati, "A mtolankhani, tapatseni sikuludiraiva iyo."

Pali chinanso chimene sindinachinene pamaso pa anti. Mwa mwambo wathu mwana wa mlongo ndine, ndipo mabokosiwo angadzagwere ine. Lamulo la 1989 la chuma cha masiye linasintha zimenezo, limaika patsogolo mkazi ndi ana, ndipo ndikuona kuti ndi bwino choncho. Komabe ndivomere kuti pamene ndinkagwirizira pepala la sipika kuti guluu agwire, ndinaligwira mosamala kuposa mmene mlendo wamba akanachitira.

Ntchito yomata mkombero ndi ya mtima wodekha. Amalume analowetsa timapepala topyapyala kuzungulira koyilo kuti ikhale pakatikati, anapaka guluu pang'onopang'ono, n'kusiya kuti ziume usiku wonse. M'mawa anatenga batire la tochi la 1.5 volts n'kukhudzitsa mawaya. Pepala linadumphira kutsogolo popanda kukwecha. Anachita chimodzimodzi ku linzake kuti aone ngati onse akudumphira mbali imodzi, chifukwa ukasemphanitsa mawaya, sipika imodzi imakankha pomwe inzake ikukoka, ndipo besi imazimiririka.

Loweruka madzulo malaiti analipo. Anaimika mabokosiwo pa miyendo yawo yatsopano, anawachotsa pang'ono kukhoma, anapukuta mbale ya 45,000 Volts ndi kansalu, n'kutsitsa singano. Mbaleyo ndi yokandika, imathetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto. Koma ng'oma zitalowa ndinazimva m'chifuwa pomwe voliyumu inali isanafike pa theka, ndipo tinkathabe kulankhulana popanda kukuwa. Kubala ya kutsidya kwa msewu kunkamveka zawo, mokweza kuposa ife. Aneba awiri anabwera ndi mipando yawo. Anti anaima pakhomo la kukhitchini ndi mthiko m'manja mpaka mbali yoyamba itatha, kenako anafunsa ngati nyimboyo idzatseka denga.

Lamlungu m'mawa, ndikudikira galimoto ya ku Chipata, mitambo inali itayamba kusonkhana kumapiri a Muchinga. Amalume anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo nditakwera anandilowetsera kapepala m'thumba la malaya. Ndinakatsegula titadutsa pa Jumbe. Panali muyeso wa twita, m'mamilimita, ndi mawu akuti ndifufuze mtengo ku Lusaka koma ndisaimbire pa foni ya anti.