Dzino lomwe ndidakana kuzula

Tsiku lomwe adandiveka dzino latsopano ndidajambula zithunzi zisanu ndi ziwiri ndili m'minibasi yopita ku Ndirande, zonse ndikumwetulira ngati wapambana mpikisano. Usiku wa tsiku lomwelo ndidagona nditagwira tsaya. Sindidauze munthu. Ndikadayamba bwanji kudandaula, ine amene ndidakana malangizo a banja lonse n'kutaya malipiro oposa a mwezi wathunthu pa dzino limodzi?

Nkhaniyi idayamba ndi kabaza. Tidagwa pa njinga yamoto madzulo ena mvula itangokata, chakufupi ndi msika wa Ndirande, ndipo ine ndidafikira pakamwa. Dzino lakutsogolo la m'mwamba lidabenthuka pafupifupi theka. Adalimata kawiri, kawiri konseko chomatacho chidagwa, kachiwiriko ndili mkati mofunsa mafunso munthu wina wolemekezeka yemwe adayesetsa kuyang'ana kumbali. Apo m'pamene dokotala wa mano wa pachipatala china cholipira m'tauni adandiuza za crown.

Crown ndi chisoti cha dzino. Salichotsa dzinolo, amalisema mbali zonse kuti lichepe, n'kuliveka chisoti chooneka ngati dzino lenileni. Changa n'cha porcelain, dothi loyera lowotcha la mtundu wa makapu osweka aja amayi amasungira alendo m'kabati, kungoti lolimbitsidwa.

Amayi atamva mtengo wake adaika chikho pansi. “Iwe, dzino limodzi? Bwanji osangopita ku Gulupu akakuzule? Ine anandizula atatu, nsima ndikudya.”

Sadalakwitse amayi. Kwathu kuno mankhwala a dzino omwe timawadziwa ndi kuzula. Funsani ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri, mupeza kuti pafupifupi banja lililonse lili ndi munthu wa mpata m'kamwa, ndipo palibe amaona chachilendo. Zifukwa zake n'zodziwika. Ambiri timapita kuchipatala dzino litaola kale, tsaya litatupa, moti palibenso chopulumutsa. Komanso kwa zaka zambiri dziko lino lidalibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano. Maphunziro a digiri ya mano adayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland kudzera mu ntchito ya MalDent. Panthawiyo madokotala a mano m'dziko lonse sankakwana 50, pa anthu oposa 17 miliyoni. Ntchito yaikulu akhala akuisenza ndi ma dental therapist ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, ndipo pamzere wa anthu obuula, chachangu ndi kuzula basi. Ndondomeko ya boma yoona za umoyo wa m'kamwa idakhazikitsidwa mu 2022, dzulodzuloli.

Ndiye crown ndi chinthu chachilendo pakati pathu. Wozulidwa dzino ali ndi alangizi mudzi wonse: usalavule, usamwe zotentha, luma thonje. Wovekedwa crown alibe womufunsa.

Pampando paja ululu weniweni ndi wa jakisoni wa dzanzi. Wa pankhama yakutsogolo ngopiririka, koma wa kum'kamwa kwa m'mwamba, kuseri kwa dzino, udanditulutsa msozi umodzi wopanda chilolezo. Dzanzi litagwira, sindidamvenso kuwawa. Chotsala chidali phokoso la kamakina kosemera lomwe limamveka m'mutu monse, madzi othira pakhosi, ndi kafungo ka fupa lopserera. Kenako adandilumitsa phala lina lozizira lotengera chikombole cha mano, n'kundiveka chisoti chongoyembekezera. Ndidapempha galasi asadandiveke. Musadzapemphe. Kachitsa kadatsala pamalo pa dzino langa kadali ngati njere ya mpunga.

Masabata awiri oyembekezera chisoti chenicheni ndiwo adandiphunzitsa momwe dzino lidapangidwira. Kunja kuli chikutu cholimba chomwe sichimva kanthu. Pansi pake pali mnofu wa dzino wokhala ndi timabowo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tolunjika pakati pomwe pali mtsempha. Posema amachotsa chikutu chija, mwina milimita imodzi kapena ziwiri, timabowo tija n'kukhala pafupi ndi kunja. Madzi ozizira akangokhudza, uthenga umafika kumtsempha nthawi yomweyo. Ndidasiya zakumwa za mufiriji. Ngakhale mphepo ya m'mawa yotsika m'phiri la Ndirande ndinkaipuma nditatseka pakamwa. Ululu wake ngobaya ngati singano, koma umatha m'masekondi ochepa. Umenewu dokotala adandichenjeza, ndipo adati udzachepa pang'onopang'ono. Nkhama nazo zidatupa masiku atatu; madzi ofunda amchere ndi Panado zidakwanira.

Ululu womwe sindidauyembekezere udabwera chisoti chenicheni chitamatidwa. Sudali wobaya ayi. Udali wolemera, ngati wina akukanikiza dzinolo ndi chala tsiku lonse. Ndikatseka pakamwa, dzino lam'munsi linkayamba kugunda chisoticho mano ena onse asadakumane. Kutafuna nsima, nsima yeniyeniyo yofewa, kunkandipweteka. M'mawa ndinkadzuka nsagwada zitauma, mutu ukuwawa cham'mbali.

Ndidapirira masiku asanu ndi anayi.

Ndikaganiza pano ndimadziseka, koma zifukwa zake ndikuzikumbukira bwino. Choyamba manyazi, poti ndinkadziwa kuti amayi anena kuti “ndinakuuza”. Chachiwiri mantha a ndalama: ndinkaganiza kuti kubwerera ndi kulipiranso, ndipo m'thumba mudatsala ya minibasi yokha. Kuchokera pomwe kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chidakwera, ndipo zipangizo za mano pafupifupi zonse n'zochokera kunja. Chachitatu ndi chija tidaleredwa nacho, choti kwa dokotala subwerera ndi madandaulo, umathokoza n'kumapita. Ndili ndi digiri yofunsa anthu mafunso, nduna ndimazifunsa osaphethira, koma pampando paja atandifunsa kuti “mukumva bwanji mukaluma?”, milomo ili dzanzi, ndidangoti “bwinobwino”.

Malangizo sadasowe. Mnzanga wa ku Zingwangwa adati ndiike Aspirin pankhama. Osayesa: amawotcha nkhama, dzino osalithandiza. Azakhali a ku Bangwe adabwera ndi muzu wina wotafuna. Mnyamata wina pamalo okwerera minibasi, atandiona nditagwira tsaya, adati, “Sisi, brake fluid kadontho kamodzi, mwachira.” Adanena ndi mtima wabwino, ndipo n'zomwe zimandiopsa. Ine ndinkangomeza Brufen, mpaka m'mimba mudayamba kutentha.

Tsiku lachisanu ndi chinayi amayi adandipeza ndikuviika buledi m'tiyi wozizira ngati nkhalamba. Sadanene zoti adandiuza. Adangoti, “Vala. Wawalipira anthu aja, akakuone.”

Dokotala adandilumitsa kapepala kabuluu, n'kundiuza kuti ndigundanitse mano. Kuseri kwa chisoti kudatsala kadontho kabuluu kamodzi, pomwe chidatalika kuposa anzake. Adapala pamenepo pang'ono, n'kusalaza. Mphindi zisanu sizidakwane, ndipo sadandilipiritse. Nditatseka pakamwa, mano onse adakumana pamodzi koyamba m'masiku asanu ndi anayi.

“Achemwali, mukanabwera tsiku lachiwiri,” adatero. Adafotokoza kuti dzino silidamatiriridwe kufupa ngati msomali m'thabwa; limagwiridwa ndi timinyewa tofewa tozungulira muzu. Likamalandira lokha mphamvu yonse ya nsagwada, timinyewato timatupa, ndiye ululu wolemera uja. Ndipo poyesa chisoti munthu amakhala ali dzanzi, sangadziwe bwino ngati chatalika. Nchifukwa chake kubwerera kukakonzetsa si chachilendo. Patatha masiku atatu ululuwo udazimiririka.

Ndidamufunsa, tsopano ngati mtolankhani, kuti munthu angasiyanitse bwanji ululu wodikira ndi ululu wothamangira nawo kuchipatala. Yankho lake ndidalilemba kuseri kwa lisiti. Kubaya kwa zozizira komwe kumatha msanga, ndi kuwawa kwa nkhama masiku oyamba, n'zoyembekezeka. Kuwawa poluma komwe sikukuchepa pakatha masiku awiri kapena atatu, bwererani. Koma dzino likamawawa lokha osalikhudza, likamagunda ngati mtima usiku mpaka kukudzutsani, zotentha zikamalipweteka kwa nthawi yaitali, kapena nkhama ndi tsaya zikatupa, ndiye kuti mtsempha wadwala kapena wafa. Apo mapiritsi sangathandize. Pamafunika kuboola, kuchotsa mtsemphawo n'kutsuka muzu, zomwe amati root canal. Ndipo kutupa kukafika kumaso kapena pakhosi, thupi n'kutentha, kumeneko n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ndi usiku.

Chomwe chidandikhumudwitsa n'chakuti mawu amenewa akadatha kundiuza tsiku loyamba, kapena kundilembera pakapepala m'Chichewa. Ndidamuuza. Adavomera kuti amaiwala kuti kwa odwala ambiri crown n'koyamba kuimva. Inenso mbali yanga ndikuidziwa: sindidafunse.

Adandiuzanso china chomwe sindidakonde. Dzino lomwe lidamenyeka pangozi, kenako n'kusemedwa, mtsempha wake ukhoza kufa mwakachetechete ngakhale patapita zaka. Chisoti sichiola, koma kachitsa kali pansi pake kakhoza kuola m'mphepete mwa nkhama ngati sinditsuka bwino. Ndipo porcelain ndi dothi ndithu, amasweka. Nzimbe, chimanga chokazinga, kutsegula botolo ndi mano, zonsezo ndidatsanzikana nazo. Ya nzimbeyo imandiwawa kuposa jakisoni uja.

Papita miyezi isanu. Madzi ozizira ndayambanso kumwa, ngakhale ndimawadutsitsa mbali. Ngongole ya kubanki m'khonde yatsala magawo awiri. Lamulungu lapitali amayi adandiitanira pakhonde pomwe pali kuwala, n'kundiuza kuti ndiyasamule. Adayang'ana nthawi yaitali, kenako adaloza dzino loyandikana nalo, langa lobadwa nalo.

“Ndi ili eti? Likuonekeratu kuti ndi logula.”