Ndege si chapa: katundu amayamba wakwera sikelo

ULONGUE — Kuno ku Angónia munthu akamapita kutali sanyamuka yekha, amanyamuka ndi mudzi wonse. Mbiri ikangomveka kuti mwana wa uje akukwera ndege mawa, kaya ndi wophunzira wopita ku Portugal, kaya ndi mayi wokaona mdzukulu ku Joni, madzulo ake pakhomo pamadzaza ngati pali chinkhoswe. Azakhali abwera ndi ufa woyera, amalume ndi kathumba ka nyemba, apongozi atumiza kachewere wa kudimba, ndipo aliyense mawu ake ndi amodzimodzi: aka kokha, sikalemera. Pofika pakati pa usiku mala yakana kutsekeka, mwana wakhala pamwamba pake kuti zipi ayende, ndipo mwini ulendo mutu wazungulira, sakudziwanso pomwe waika pasipoti.

Vuto ndi loti ife tinazolowera chapa. Pa chapa katundu akachuluka mumakambirana ndi wolandira ndalama, muonjezapo pang'ono, thumba lakwera padenga, nkhuku pansi pa mpando. Ambiri tinabwerera kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu nkhondo itatha mu 1992 titasenza chilichonse, mtondo ndi chitseko chomwe, motero kusiya chinthu m'mbuyo kumatiwawa. Koma pabwalo la ndege palibe zonenerera. Pali sikelo, ndipo sikeloyo sidziwa kuti ndinu mwana wa mfumu.

Anthu a kuno ali ndi zipata ziwiri. Ena amatsika mapiri, mtunda wa makilomita opitirira 200, kukakwera pa bwalo la Chingodzi ku Tete, pomwe pamanyamuka ndege za ku Maputo ndi ku Johannesburg. Ena amaoloka malire pa Calomue kulowa Dedza, n'kukafika pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kumpoto kwa Lilongwe, komwe kuli ndege za ku Addis Ababa, Nairobi ndi Johannesburg. Konseko ndi kutali ndi kwanu. Chimene chakanidwa pa sikelo simungachibwezere kumudzi. Mulipira ndalama yomwe munasungira chakudya cha kumene mukupita, apo ayi muchisiya pomwepo, anthu akuonerera.

Nanga mlingo wake ndi wotani? Makampani ambiri amalola makilo 20 kapena 23 pa katundu wolowa m'mimba mwa ndege, ndi makilo 7 kapena 8 pa kachikwama ka m'manja. Ethiopian Airlines pa maulendo ake ambiri akutali imalola zikwama ziwiri, chilichonse cha makilo 23. Zonsezi zimalembedwa pa tikiti. Mukaona 20K, ndiye kuti makilo 20. Mukaona 2PC, ndiye kuti zikwama ziwiri. Apa ndi pomwe ambiri amagwera m'mbuna, poganiza kuti ziwiri za 23 n'chimodzimodzi ndi chimodzi cha 46. Ayi ndithu. Chikwama chilichonse chimayezedwa pachokha, ndipo chopitirira makilo 32 sachilandira ngakhale mutatulutsa ndalama, chifukwa amene amachinyamula kukweza m'ndege ndi munthu wokhala ndi msana ngati wanu. Kuyeza konseku si nkhanza. Woyendetsa ndege amafuna kudziwa kulemera kwa zonse asananyamuke, kuti awerengere mafuta ndi kugawa katundu kutsogolo ndi kumbuyo mofanana.

Amene wagula matikiti awiri osiyana asamale kawiri. Ndege yaing'ono yoyambira ulendo ikhoza kulola makilo ochepa kusiyana ndi yaikulu yomwe akakwere patsogolo, ndipo iliyonse imatsata lamulo lake.

Kumudzi sikelo ndi yosowa, koma njira ilipo. Chigubu cha malita 20 chodzaza madzi chimalemera makilo 20. Nyamulani chigubucho ndi dzanja limodzi, mala ndi linalo. Mala ikakukokerani pansi, tulutsanimo zina. Sikelo ya wogula chimanga pamsika musaikhulupirire kwambiri. Tonse tikudziwa kuti zina mwa sikelo zimenezi zimapeputsa thumba mokomera mwini wake, ndiye ikakuuzani 23, ya ku Chingodzi ikakuuzani 26.

Za katundu wolemera makolo athu anaziona kale. Achinyamata amene anapita kukagwira ntchito ku East Germany kutsatira pangano la 1979, aja timawatchula Amajeremani, pobwerera mu 1990 mafiriji ndi njinga zamoto za MZ sanakwere nazo ndege. Zinabwera m'mabokosi pa sitima ya pamadzi, eni ake atafika kale. Mpaka lero njira ndi yomweyo: cholemera chimatumizidwa padera ngati katundu wa malonda, kapena chimayenda pansi pa basi.

Kamangidwe nakonso kali ndi lamulo. Kuyambira pa 25 Malichi 2019, bwalo la OR Tambo ku Johannesburg linaleka kulandira katundu wobulungira, wopanda mbali yosalala, kapena wokhala ndi zingwe zazitali zolendewera, chifukwa amakola pa lamba woyendetsa katundu. Mtolo wokulunga m'bulangete n'kumanga ndi chingwe, uja timaukonda pochokera ku Joni, amaubweza kuti mukaukonzenso.

Tsopano za m'kati mwake. Chiyambire 2006, apolisi a ku Britain atagwira anthu amene ankafuna kuphulitsa ndege ndi mankhwala amadzimadzi obisa m'mabotolo a zakumwa, chamadzi chilichonse cha m'chikwama cha m'manja chiyenera kukhala m'botolo losapitirira mamililita 100. Mabwalo ena a makina atsopano anafewetsako lamuloli, koma inu konzekerani ngati likugwira ntchito paliponse. Dziwani kuti uchi, chiponde ndi mafuta odzola amaziwerengera ngati zamadzi. Botolo la uchi liikeni mu mala yaikulu, lokulunga bwino. Mpeni, lumo ndi sizasi nazonso zipite mu mala yaikulu. Batire yosungira moto wa foni njira yake ndi yosiyana: imeneyo imakhala ndi inu m'manja, chifukwa ikatentha n'kuyaka kunsi kwa ndege palibe woti azimitse. Parafini, petulo ndi bokosi la machesi mu mala ndi zoletsedwa. Kachasu wa m'botolo la pulasitiki lopanda chizindikiro, amalume atikhululukire, asiyeni amwe otsala.

Chakudya ndicho chimaliritsa anthu kwambiri, poti ndi mphatso yochokera pansi pa mtima. Maiko a m'bungwe la European Union, Portugal ali momwemo, salola wapaulendo wochokera kuno kulowa ndi nyama kapena mkaka, ngakhale nyama yofutsa. Zipatso zambiri, ndiwo zamasamba zaziwisi, mbewu ndi mizu zimafuna kalata ya boma yotsimikiza kuti zilibe matenda, ndipo kachewere ndiye amamuopa koposa. Nsomba zouma amalola mpaka makilo 20, choncho usipa uli ndi mwayi kuposa mbatata yathu yotchukayo. South Africa nayo imafuna chilolezo pa zomera ndi nyama. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sankhani chimodzi kapena ziwiri zouma bwino, zotsalazo muwauze eni ake mwaulemu kuti malamulo akana.

Pali kaphukusi kena koopsa kuposa kulemera. Ndi kaja munthu amabwera nako mochedwa, komata kale ndi tepi, n'kunena kuti mukapatse m'bale wake ku Joni. Pa bwalo amakufunsani ngati mwalongedza nokha katundu wanu, ndipo mukavomera, chilichonse chopezeka m'menemo ndi chanu. Chikakhala chamba kapena miyala ya mtengo wapatali, wokalowa m'ndende ndinu, wotumayo ali phee kumudzi. Maganizo athu ndi akuti phukusi lililonse litsegulidwe pamaso pa mwini wake, ngakhale akhale mkulu wa mpingo. Wokwiya ndi zimenezi anyamule yekha.

Kulongedza kuyambe kudakali masiku atatu, kuti usiku womaliza ukhale wotsanzikana basi. Pasipoti muione kudakali miyezi, chifukwa maiko ambiri amafuna kuti ikhale itatsala ndi miyezi 6 isanathe, ndipo kukonzetsa ina ku ofesi ya SENAMI si ntchito ya tsiku limodzi. Pasipoti, tikiti, ndalama, foni ndi mankhwala a kuchipatala pamodzi ndi kalata ya dokotala zikhale m'kachikwama ka m'manja, kuphatikizapo chovala chimodzi chosinthira, poti mala nthawi zina imatsalira m'njira. Pa ulendo wa kunja fikani pabwalo kutatsala maola atatu. Wodzera ku Calomue awerengerenso nthawi yodindisa pasipoti mbali zonse ziwiri za malire.

Mukapereka mala, amakupatsani kapepala kakang'ono ka nambala, kawirikawiri komata kuseri kwa tikiti. Musakataye. Mala ikapanda kutuluka kumene mwafika, pitani ndi kapepalako ku ofesi ya katundu musanatuluke pabwalo, akulembereni chikalata. Ikafika yothyoka, dandaulo lolemba liperekedwe pasanathe masiku 7.