Kutupa kwa masaya kosaphwa: zomwe sikani imaonetsa

Ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, mwana akatupa masaya anthu amadziwa kuti ndi matsagwidi, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri amachira. Amene amandidetsa nkhawa ndi munthu wamkulu amene kutupako kumamukhalira miyezi, kukamwa kuli gwaa, moti nsima ya matemba sangaimeze popanda madzi pambali.

Nthawi zina kutupa kotere kumabwera chitetezo cha m'thupi chikatembenukira tiziwalo topanga malovu. Nthenda imodzi yotere ndi ya Sjögren, yomwe dokotala wa maso wa ku Sweden, Henrik Sjögren, anaifotokoza mu 1933. Imagwira kwambiri amayi ndipo imaumitsanso maso. Ina ndi ya IgG4, yomwe madokotala a ku Japan anaizindikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000.

Makina a ultrasound, omwe aja amaunikira amayi oyembekezera, amathandiza kuzisiyanitsa. Dokotala amapaka mafuta oterera patsaya n'kuyendetsapo kachipangizo. Ikakhala ya Sjögren, tiziwaloto timaoneka todzaza ndi timadontho takuda mbali zonse ziwiri. Ikakhala ya IgG4, kawirikawiri timene timatupa ndi ta pansi pa nsagwada, tili ndi timibulu komanso magazi ochuluka oyendamo. Kwa ena amene ali ndi HIV, pafupi ndi khutu pamaoneka timatumba ta madzi.

Pambuyo pa sikani pamafunikabe kuyeza magazi, mwinanso kutapa kanyama ka mkati mwa mlomo. Wodwala wa ku chilumba cha Chisi kapena ku Kachulu ayambire kuchipatala chapafupi, apemphe kalata yopita ku Zomba Central Hospital.