Chakudya cha Dim Sum ndi Mlimi wa ku Kasungu

Chiyambire 2007, pamene Malawi anapalana ubale ndi China, zakudya za Chitchaina zafika m'mahotela akulu a ku Lilongwe monga Golden Peacock. Chotchuka mwa zakudya za mtunduwo ndicho dim sum, chochokera ku Guangdong: timitanda ta ufa wa tirigu tokutira nyama ya nkhumba, tophikidwa ndi nthunzi m'timadengu ta nsungwi. Pa nkhomaliro munthu amadzitengera yekha pa gome, nasunsa mu msuzi wa soya, natsitsira tiyi.

Nkhumba ndi soya mlimi wa ku Kasungu ali nazo. Mtengo wa fodya pa msika wa Chinkhoma umakwera ndi kutsika, koma alendo amadya tsiku ndi tsiku. Alangizi ndi aphunzitsi akumbutse alimi kuti msika suli wa fodya yekha.