Chisanu cha ku Mchinji ndi Anthu Amene Sangadzifunditse Okha

Mwezi wa Juni ukafika m'boma la Mchinji, mtedza utakumbidwa ndi kuunjikidwa m'minda, fodya atapita ku okushoni, ndipo mphepo ya mwera itayamba kutsetsereka m'mapiri ndi kukagona m'madambo a mtsinje wa Bua, anthu onse, kuyambira pa Kamwendo kufikira kumalire a Mwami, amadziwa chochita nacho chisanu: wina amasonkha moto, wina amapinda miyendo m'bulangete, ndipo wosowa zonsezi amangonjenjemera kufikira thupi lake litadzitenthetsa lokha. Koma alipo abale athu ena m'midzi yomweyi amene sangathe ngakhale chimodzi mwa zitatuzi, pakuti anathyoka khosi, ndipo manja ndi miyendo yawo zinaleka kumvera mwini wake.

Chakudza sichiimba ng'oma. Wina anagwa pa njinga yamoto ya kabaza pamsewu wa M12, wina anaterereka mumtengo wa mango, wina anagubuduzika ndi ngolo ya ng'ombe kapena anapunthwa atasenza thumba la chimanga pamutu. M'khosi la munthu muli mafupa 7 osanjikizana, ndipo m'kati mwake mumadutsa mtsempha waukulu umene umatenga uthenga wa ubongo kunka nawo kuthupi, ndi kubwera nawo wa thupi ku ubongo. Mtsemphawo ukaphwanyika, zonse za m'munsi mwa bala zimakhala chete, ndipo bala likakhala pamwamba kwambiri, ngakhale kupuma kumene kumavuta. Wovulalayo amayamba wafika pachipatala cha boma cha Mchinji, kapena kuzipatala za mishoni za Kapiri, Ludzi ndi Guilleme, kenaka amanyamulidwa ulendo wa makilomita oposa 100 kunka ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene m'chaka cha 2023 kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION. Amwayi amakafika ku Kachere ku Blantyre kukachita mafizo ndi kuphunzira moyo watsopano. Koma ku Blantyre n'kutali, malo ndi ochepa, ndipo ambiri amabwerera kumudzi ali ndi paipi ya mkodzo, kabuku ka kuchipatala, ndi gadiyani wotopa amene ayenera kukumbukira yekha zonse zimene anauzidwa m'wodi.

Thupi la munthu wathanzi limasunga kutentha kwake pa madigiri 37 mwini wake osadziwa n'komwe, pakuti kukazizira mitsempha ya magazi ya pakhungu imafinyika kuti kutentha kusathawe, ndipo minofu imanjenjemera kuti ipange kwina. Kwa wothyoka khosi lamulo limeneli silifikanso m'munsi mwa bala, kotero kuti thupi lake limangotsata kuzizira kwa chipinda chimene wagonamo. Ndipo popeza Mchinji ndi dera lokwera, loposa mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, kumene usiku wa Juni ndi Julayi umatha kutsika kupyola madigiri 10, munthu wotere angathe kuzizira m'kati mwenimweni iye osazindikira msanga. Kutentha kwa thupi kukatsika pansi pa madigiri 35, amayamba kuodzera, lilime limalemera, nzeru zimasokonekera, ndipo a pabanja amayesa kuti watopa chabe. Owerenga Malemba akumbukira mfumu Davide m'ukalamba wake, imene anyamata ake anaiunjikira nsalu koma thupi lake osatenthedwa. Momwemonso ndi odwala athuwa, pakuti bulangete limasunga kutentha kumene kulipo kale, koma silipanga kumene kulibe, ndipo akazizidwa pamatenga maola ambiri kuti afundenso.

Apa ndiye pali chinthu chimene chandikakamiza kulemba, chifukwa chimene chimawavulaza kawirikawiri ndi chikondi chenicheni. Mayi akamva mwana wake, ngakhale ali bambo wa ana atatu, akuti, "Amayi, ndazizidwa," mtima sungamulole kukhala pansi; amasendeza mbaula pafupi ndi mapazi, kapena amathira madzi owira m'botolo n'kuliika pakati pa miyendo. Tsono khungu losamva limapsa popanda kudandaula, ndipo m'mawa pofundukula apeza matuza pachidendene ndi pakatumba, mabala amene pathupi lotere amatha miyezi asanapole, ndipo akalowa mafinya amatha kutenga moyo. Makala oyaka m'nyumba yotseka nawonso amatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo, ndipo wothyoka khosi, amene chifuwa chake n'chofooka kale, sangadzuke kukatsegula chitseko.

Njira yabwino ndiyo kutchinga chisanu chisanalowe. Chipinda chitenthetsedwe kusanade, mbaula itulutsidwe asanagone. Wodwalayo avale zovala zopepuka zingapo zosanjikiza, sokosi zosathina, chipewa chaubweya ndi mpango wa m'khosi, pakuti m'mutu, m'khosi ndi m'mapewa ndimo mwatsala khungu lakumva, ndipo pofunda pamenepo mtima wake umakhala pansi. Asagone pamphasa yoyalidwa pasimenti kapena padothi lozizira, nsalu yonyowa ndi mkodzo ichotsedwe nthawi yomweyo, ndipo tiyi kapena phala lofunda aliyambe walawa womusamalira. Dzuwa la m'mawa pakhonde ndi mankhwala aulere. Ndipo chimene Mlaliki anaona kalekale, kuti awiri ogona pamodzi amafunditsana, n'choona kufikira lero: thupi la mnzake silingamuotche.

Za ululu anthu amavuta kukhulupirira. Amati, munthu amene samva ngakhale um'baye ndi singano, angalire bwanji kuti miyendo ikuyaka moto? Ena amati akudzikonda, ena amathamangira kunena za ufiti n'kuyamba kutema mphini pakhungu limene silipola msanga. Koma ululuwo ndi weniweni: mtsempha wophwanyika uja umatumiza ku ubongo uthenga wosokonekera, ndipo wodwala amamva kuotcha, kulasa, kapena kuthetheka ngati wagwira waya wa magetsi, m'ziwalo zimene sangathe kuzigwedeza. Chisanu chimaukulitsa, monganso kusowa tulo, kudzimbidwa, matenda a m'chikhodzodzo ndi nkhawa. Panado ndi brufen amathandiza kuphwanya kwa mapewa ndi khosi, kumene kumadza chifukwa cha kukokedwa pomunyamula, koma pa ululu wa mitsempha mphamvu yawo n'njochepa. Madokotala amapereka amitriptyline, womwa usiku, kapena gabapentin ndi pregabalin kumene akupezeka. Amenewa amayamba ndi muyeso waung'ono, amatenga masabata kuti agwire ntchito, ndipo sayenera kusiyidwa mwadzidzidzi kapena kugulidwa pamsika popanda uphungu wa achipatala. Kuongola ndi kupinda mfundo za manja ndi miyendo tsiku ndi tsiku, mofatsa, kumachepetsa kukungika ndi kudumphadumpha kwa minofu.

Pali mutu umodzi umene banja lililonse liyenera kuudziwa. Wothyoka khosi akadandaula mwadzidzidzi kuti mutu ukugunda koopsa, nkhope itafiira kapena kutuluka thukuta, mphuno zitatseka, ndiye kuti magazi athamanga kwambiri chifukwa china chake chikuvutitsa thupi m'munsi mwa bala, ndipo kawirikawiri ndi paipi ya mkodzo yopindika kapena yotseka. Musamugoneke, mukhazikeni tsonga, masulani zothina zonse, ongolani paipiyo, ndipo mutuwo ukapanda kuleka m'mphindi zochepa, thamangani naye kuchipatala, pakuti vuto limeneli limatha kupha.

Dokotala Ludwig Guttmann, potsegula wodi ya ovulala msana pachipatala cha Stoke Mandeville ku England m'chaka cha 1944, anapeza kuti odwala otere ankafa ndi zilonda za pogona ndi matenda a mkodzo, nalamula kuti azitembenuzidwa maola awiri alionse, usana ndi usiku. Ndipo anthu amene dziko linali litawataya anayamba kukhala ndi moyo zaka zambiri. Lamulo lake lidakalipo, koma kwathu kuno amene amalisunga ndi mkazi mmodzi, mayi kapena mkazi wake wa wodwalayo, amene amadzuka pakati pa usiku wozizira kutembenuza munthu wamkulu, kuika mtsamiro pakati pa mawondo, kuyang'ana ndi tochi ngati pamchiuno pafiira, ndipo kukacha ayenera kupita kudimba. Mutu umodzi susenza denga. Mpingo umene umawerenga za amuna anayi aja a ku Kapernao, amene anasasula denga kuti atsitse mnzawo wofa ziwalo, ungathe ndithu kugawana mausiku a Juni, kuti mayiyo agoneko tulo kawiri pa sabata.

Boma nalo lili ndi mbali yake, ndipo Mchinji ali ndi chifukwa cholankhulira molimba mtima, popeza ndi kuno kumene Mtukula Pakhomo anayambira m'chaka cha 2006, kuthandiza mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito. Ndipo banja limene bambo wagona, mayi womangika pambali pake, ndilo banja loterolo. Lamulo la anthu aulumali la 2024, limene linalowa m'malo mwa la 2012, limalonjeza chithandizo cha zaumoyo mosasankha. Chimene tikupempha sichachikulu: alangizi a zaumoyo alembe makomo onse okhala ndi ovulala msana, kwa Mkanda, kwa Mavwere, kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni, awayendere Meyi asanathe, ndipo mapaipi a mkodzo ndi amitriptyline azipezeka pachipatala chaching'ono chapafupi, kuti wina asalipire galimoto yonse kunka kuboma chifukwa cha paipi imodzi. Ulendo wachiwiri ukhale wa mu Seputembala, pakuti thupi lomwelo silitulutsanso thukuta m'munsi mwa bala, ndipo dzuwa la Okutobala likafika banja lidzafunika kuphunzira za mthunzi, nsalu yonyowa pakhosi ndi madzi akumwa ambiri.